Banki zabodza za pa intaneti: momwe wamalonda angazizindikirire asanataye mpamba

Nkhani yake kawirikawiri imayamba ndi uthenga wa pa WhatsApp kapena chilengezo cha pa Facebook. Pamwamba pamakhala chizindikiro cha banki yodziwika bwino, mitundu yake yomwe ija, ndi chithunzi cha mtsikana wovala suti akumwetulira. Uthengawo umati bankiyo yatsegula mwayi wa ngongole kwa ochita malonda ang'onoang'ono: chikole palibe, kuima pamzere palibe, ndalama zimalowa tsiku lomwelo. Pansi pake pali linki.

Mayi wogulitsa zitenje, amene wakhala miyezi itatu akusakasaka mpamba woonjezera, amadina linkiyo. Tsamba lomwe latseguka silikusiyana ndi la banki yake. Amalembapo dzina, nambala ya foni, nambala ya akaunti ndi nambala yachinsinsi. Posakhalitsa foni imalira. Woyankhulayo amakhala waulemu kwambiri: “Mayi, pempho lanu lavomerezedwa. Mwalandira kauthenga ka manambala pafoni yanupo, tandiwerengereni kuti timalize.” Mayi amawerenga. Akamati aone zotsala mu akaunti, amapeza ndalama zoodera katundu wa mwezi wonse zapita.

Banki yeniyeni ija sidatumize uthengawo ndipo sikudziwapo kanthu. Akuba adangobwereka nkhope yake. Kukopera tsamba la pa intaneti ndi ntchito ya maola ochepa kwa munthu wodziwa kompyuta. Zithunzi, mitundu, mawu, ngakhale nambala ya chilolezo, zonsezi zimatheka kutengedwa n'kuikidwa pa tsamba lina. N'chifukwa chake kukongola kwa tsamba sikungauze wamalonda chilichonse. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mafunso othandiza ndi awiri: munthu wafika bwanji pa tsambalo, nanga ndani wina, kupatula eni tsambalo, amene angatsimikize kuti ndi banki?

Misampha ilipo ya mitundu itatu

Msampha woyamba ndi ngati womwe mayi wa zitenje uja adakodwamo. Tsamba limaoneka ngati la banki imene ilipodi, koma ntchito yake ndi kukolola manambala achinsinsi. Wamalonda akamalemba, wakubayo amakhala akulowetsa zomwezo pa tsamba lenileni la banki nthawi yomweyo. Banki ikatumiza nambala yotsimikizira ija yomwe ambiri amaitchula kuti OTP, wakubayo amaimba foni kapena kuika kabokosi pa tsambalo kuti ailande.

Wachiwiri ndi banki yomwe kulibeko n'komwe. Ili ndi dzina lomveka bwino, chithunzi cha nyumba yosanjikizana komanso malo otsegulira akaunti. Munthu akaikamo K50 000, pa tsambalo pamaoneka K50 000, ndipo pakatha sabata pamaoneka K65 000. Manambala amenewa amachita kulembedwa ndi wakubayo, monga momwe munthu angalembere chilichonse m'kope la ngongole. Vuto limaoneka tsiku lotapa. Amati pakufunika kulipira msonkho kaye, kenako ndalama yotsegulira akaunti, kenako ya inshuwalansi. Ena mwa akubawa amalola munthu kutapa kandalama kochepa koyambirira kuti akhulupirire, aikemo zambiri, akauzenso anzake pamsika.

Wachitatu umalunjika kwa ogula katundu kunja. Wogulitsa wabodza wa ku Johannesburg, Dubai kapena Guangzhou amauza wamalonda kuti atsegule akaunti ya madola ku banki inayake ya pa intaneti kuti malipiro ayende msanga. Bankiyo imakhala ndi dzina lofanana ndi la banki yeniyeni yakunja, koma woiyendetsa ndi wogulitsa yemweyo.

Poyambira ndi chilolezo

M'Malawi muno palibe amene amaloledwa kulandira ndalama za anthu n'kumazisunga ngati banki popanda chilolezo. Malamulo a Banking Act ndi Financial Services Act, onse a 2010, amapereka mphamvu zimenezi kwa mkulu woyang'anira mabungwe azachuma, yemwe ndi gavanala wa banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi. Mndandanda wa mabungwe ololedwa umapezeka pa tsamba la banki yaikuluyi, www.rbm.mw, ndipo wosakhala ndi bandulo akhoza kukafunsa ku maofesi ake ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu.

Mabanki a m'dziko muno si ochuluka moti munthu n'kusokonezeka. Mu 2024 adalipo 8: National Bank of Malawi, Standard Bank, FDH Bank, NBS Bank, First Capital Bank, Centenary Bank, Ecobank ndi CDH Investment Bank. Dzina lachilendo likatulukira pa WhatsApp likudzitcha banki ya m'Malawi, pamenepo pali kale chifukwa chokayikira.

Mndandandawu umasintha, n'chifukwa chake ndi bwino kuona watsopano. Malawi Savings Bank idagulidwa ndi FDH mu 2015, Indebank idagulidwa ndi National Bank, First Merchant Bank idatenga Opportunity Bank mu 2017 kenako n'kusintha dzina kukhala First Capital Bank, ndipo MyBucks idasanduka Centenary Bank mu 2023. Maina akale amenewa akadali m'mitu ya anthu, makamaka achikulire amene adasungako ndalama kumeneko. Wina akabwera nalo dzina lotere n'kumati bankiyo yayambiranso pa intaneti, kapena kuti pali ndalama zakale zoti zibwezedwe munthu akalipira kangachepe, malo ofunsa ndi banki imene idatenga makasitomalawo.

Si mabanki okha amene amagwira ndalama za anthu movomerezeka. Palinso mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono, ma Sacco, ndi makampani a ndalama za pafoni monga Airtel Money ndi TNM Mpamba. Onsewa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank, aliyense ndi chilolezo cha ntchito yake. Wololedwa kubwereketsa kokha saloledwa kusunga ndalama za anthu. Apa mpofunika kusamala ndi chipepala chomwe akuba amakonda kutumiza: chiphaso cholembetsera kampani. Chiphaso chimenechi, ngakhale chikhale chenicheni, chimangosonyeza kuti kampani idalembetsedwa, monga zimakhalira ndi kampani yogulitsa simenti kapena yonyamula katundu. Sichipatsa aliyense mphamvu yochita ntchito za banki.

Chilolezo chili ndi phindu lina kwa wosunga ndalama. Kuchokera mu 2023 dziko lino lili ndi bungwe la Deposit Insurance Corporation, lomwe limateteza ndalama za anthu banki yovomerezeka ikagwa. Poyamba ntchito, malire ake adali K3 miliyoni pa munthu aliyense m'banki iliyonse, ndalama zomwe zimakwanira mpamba wa mavenda ambiri. Ndalama zoikidwa m'banki yabodza sizili pansi pa chitetezo chimenechi ngakhale tambala imodzi.

Dzina kupezeka pamndandanda sikokwanira

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa, ngakhale ochenjera. Munthu amafufuza, n'kupeza kuti dzina la bankiyo lilipodi pamndandanda wa Reserve Bank, mtima n'kukhala pansi. Komatu wakuba amasankha dala dzina lomwe lili pamndandandapo. Zomwe mndandanda watsimikiza n'zakuti banki ya dzina limenelo ilipo. Sunanene kuti amene akulemba uthenga pa WhatsApp ndi wa bankiyo.

Wamalonda aliyense amaidziwa kale nzeru yofunika pamenepa. Mnyamata wachilendo akafika pabenchi n'kunena kuti watumidwa ndi mwini holoselo kudzatenga ndalama za katundu, palibe amene amaimba nambala yomwe mnyamatayo wapereka kuti atsimikize. Amaimba nambala ya mwini holoselo yomwe ali nayo kale m'foni. Ndi banki n'chimodzimodzi. Nambala ya foni, linki ndi adiresi zomwe zabwera mu uthenga wokayikitsa sizingagwiritsidwe ntchito potsimikiza uthenga womwewo. Woyankha foniyo adzakhala mnzake wa wakuba, ndipo adzavomera mokoma kuti zonse n'zoona.

Njira zodalirika ndi zomwe munthu wazipeza yekha: nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi la ATM, mapepala omwe adalandira potsegula akaunti, chikwangwani cha m'nthambi ya banki, kapena kupita yekha kukafunsa pakauntala. Ulendo wa minibasi wopita kutauni ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi mpamba wa miyezi isanu ndi umodzi. Akafika, angoonetsa uthengawo kwa wogwira ntchito n'kufunsa ngati ngongole kapena akaunti yoteroyo ilipodi.

Kuwerenga adiresi ya tsamba

Chinthu chimodzi chomwe wakuba sangakopere ndendende ndi adiresi ya tsamba, mawu aja olembedwa m'kabokosi ka pamwamba penipeni. Amangoyesa kuyandikira. Adiresi ya National Bank ndi natbank.co.mw, ya Standard Bank ndi standardbank.co.mw, ya FDH ndi fdh.co.mw. Wamalonda ayenera kuidziwa ya banki yake monga amadziwira nambala ya benchi lake, ndi kumailemba yekha nthawi zonse m'malo modina linki.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Munthu apeze kamzere kopendekera koyamba kamene kabwera dzina litatha, kenako awerenge chobwerera m'mbuyo. Mawu amene ali pafupi ndi kamzereko ndiwo amasonyeza mwini tsamba. Mwachitsanzo, ngati adiresi yeniyeni ikadakhala bankiyathu.co.mw, wakuba akhoza kulemba bankiyathu.co.mw.ngongole-lero.com. Maso amathamangira koyambirira n'kukhutira, koma mwini tsambalo ndi ngongole-lero.com, ndipo zakutsogolozo n'zongokongoletsera. Akhozanso kulemba bankiyathu-mw.com, kapena kusinthanitsa zilembo zofanana: nambala 1 m'malo mwa chilembo l, ziro m'malo mwa o, kapena r ndi n zogundizana kuti zioneke ngati m. Pa foni yaing'ono, padzuwa la pamsika, kasitomala akudikira chenji, zimenezi sizioneka msanga. Komanso foni imadula adiresi yaitali, choncho pamafunika kudina pakabokosiko kuti ioneke yonse.

Linki zofupikitsidwa, zomwe zimangokhala tizilembo tochepa tosamveka, zimabisa komwe zikupita. Fomu yolembapo nambala yachinsinsi yomwe yapangidwa pa Google Forms kapena pa tsamba laulere ndi chizindikiro choonekeratu cha kuba, chifukwa palibe banki imene imatolera zinsinsi za makasitomala mwa njira imeneyo.

Amene ali ndi mwana kapena mnzake wodziwa intaneti akhoza kufufuzanso zaka za adiresiyo. Pa tsamba la lookup.icann.org munthu amalemba adiresi yothera ndi .com kapena .net n'kuona tsiku lomwe idalembetsedwa. Banki yonena kuti yatumikira anthu zaka 30, koma adiresi yake idabadwa masabata atatu apitawo, yadziulula yokha.

Zizindikiro zomwe zimanamiza

Kwa zaka zambiri anthu ankauzidwa kuti akaona kachizindikiro ka loko pafupi ndi adiresi, kapena zilembo za https, ndiye kuti tsambalo n'lotetezeka. Lokoyo imangotanthauza kuti zomwe munthu akulemba sizingawerengedwe ndi wina panjira. Sinena kuti wolandirayo ndi ndani. Masiku ano imapezeka kwaulere ndipo akuba nawo ali nayo. Kusamvetsetsa kudakula mpaka Google idachotsa kachizindikiro ka lokoko pa Chrome mu 2023. Tsamba lopanda https ndi lothawa, koma kukhala nayo si umboni.

Kufufuza dzina la banki pa Google nakonso kuli ndi mbuna yake. Zotsatira zoyambirira nthawi zina zimakhala zolipiridwa, ndipo pamalembedwa kamawu kakuti Sponsored. Aliyense wolipira akhoza kuoneka pamenepo, kuphatikizapo wakuba, mpaka atadziwika n'kuchotsedwa.

Pa Facebook, tsamba lililonse la bizinesi lili ndi gawo lotchedwa Page transparency, lomwe limaonetsa tsiku lomwe tsambalo lidatsegulidwa ndi maina omwe lidakhalapo nawo. Tsamba lomwe mwezi watha linkagulitsa nsapato, lero likudzitcha banki, silifuna kufunsa zambiri. Ndemanga za anthu othokoza kuti alandira ngongole zisakope munthu, poti wakuba mmodzi amatha kukhala ndi maakaunti ambirimbiri oyamikira yekha. Ngakhale dzina la banki lotuluka pamwamba pa uthenga wa SMS limatheka kunamizidwa.

Pulogalamu ya m'foni

Pulogalamu ya banki iyenera kuchokera ku Play Store kapena App Store, ndipo njira yabwino ndi kupempha wogwira ntchito kubanki kuti aloze yeniyeni. Pansi pa dzina la pulogalamu pamalembedwa amene adaipanga, kuchuluka kwa anthu amene adaiika m'mafoni awo, ndi ndemanga. Banki yaikulu yokhala ndi pulogalamu yomwe aiika anthu 100 okha ndi yokayikitsa.

Choopsa kwambiri ndi fayilo yothera ndi .apk yotumizidwa pa WhatsApp kapena Telegram. Ambiri adazolowera kugawana mapulogalamu pafoni pofuna kupulumutsa bandulo, koma pa nkhani ya ndalama chizolowezi chimenechi n'choika moyo wa bizinesi pachiswe. Pulogalamu yotere ikapatsidwa chilolezo chowerenga mauthenga, imatha kutumiza OTP kwa wakuba mwini foni osadziwa. Wina akanena kuti aike pulogalamu yoti wa kubanki aziona zomwe zili pafoni kuti amuthandize, ameneyo akupempha makiyi a sitolo.

Kwa ambiri pamsika, manambala achidule aja ndi otetezeka kuposa linki, poti munthu amawaimba yekha: *626# ya National Bank, *247# ya Standard Bank, *525# ya FDH, *322# ya NBS, *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba. Koma nawonso afunika maso. Wina akamayankhula pafoni n'kumalamula kuti dinani 2, dinani 1, lembani nambala iyi, kawirikawiri amakhala akutsogolera munthu kuti atumize yekha ndalama zake.

Ndalama zikupita kwa yani?

Bodza lonse limathera pamalo amodzi: ndalama ziyenera kulowa penapake. Banki yabodza imapereka nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, kapena akaunti ya m'banki ina, ndipo potsimikiza pamatuluka dzina la munthu wamba. Amafotokoza kuti ameneyo ndi akauntanti wathu, kapena kuti makina avuta lero. Banki yeniyeni situma kasitomala kulipira kwa munthu. Dzina lija likatuluka pafoni, ndi mwayi womaliza woimira.

Mabanki enieni amadulitsa ndalama pokonza ngongole, zimenezo n'zoona. Koma zimalembedwa pa mgwirizano womwe munthu amasaina, ndipo kawirikawiri amazichotsa pa ngongoleyo kapena mu akaunti ya munthuyo m'banki momwemo. Ngongole yofuna kuti wobwereka ayambe watumiza K15 000 pafoni ya munthu kuti ndalama zituluke si ngongole.

Palinso zinthu zomwe wogwira ntchito kubanki sapempha, kaya pafoni, pa uthenga kapena pamaso: nambala yachinsinsi, pasiwedi, OTP, ndi manambala atatu a kumbuyo kwa khadi. Chitupa cha unzika chimafunikadi potsegula akaunti, chifukwa malamulo, kuphatikizapo Financial Crimes Act ya 2017, amalamula mabanki kudziwa kasitomala wawo. Choncho banki yotsegula akaunti ya mamiliyoni popanda kufunsa chitupa ndi yokayikitsa. Koma kutumiza chithunzi cha chitupa kwa mlendo pa WhatsApp n'koopsanso, poti chikhoza kugwiritsidwa ntchito polembetsa simukhadi kapena kubera ena m'dzina la mwini wake.

Chizindikiro china ndi changu. Mwayi utha lero 5 koloko, malo atsala atatu, akaunti itsekedwa pakatha ola limodzi. Wakuba amadziwa kuti munthu akapeza mpata wofunsa mnzake, malonda ake atha. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ngongole yeniyeni imakhala ilipobe mawa.

Masamu a chiongoladzanja

Wamalonda amadziwa kuti phindu lili ndi gwero. Banki imapindula pobwereketsa ndalama pa chiongoladzanja chokwera kuposa chomwe imapatsa osunga. Mu February 2024 Reserve Bank idakweza chiongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti pa chaka, ndipo mabanki amaika mitengo ya ngongole zawo potengera mlingo wotere, wa pa chaka. Tsono banki yolonjeza wosunga 30 peresenti pa mwezi izitenga kuti? K100 000 itamabereka chonchi, phindu n'kumaberekanso, pakutha pa miyezi 12 ikhoza kupitirira K2.3 miliyoni. Palibe geni yovomerezeka imene ingalonjeze zimenezi kwa aliyense mwezi ndi mwezi. Kukakhala kuti ena alandiradi, ndalamazo zachokera kwa olowa kumene, ndipo tsiku lomwe olowa achepa, tsamba limatsekedwa.

Mbali inayo ndi chimodzimodzi. Ngongole ya K2 miliyoni pa 3 peresenti pa chaka, yopanda chikole, yoperekedwa kwa munthu amene sadamuonepo, ndi nyambo.

Kwa ogula katundu kunja

Kusowa kwa ndalama zakunja, komwe kwavuta kwa zaka zingapo ndipo kudapitirira ngakhale kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, kwachititsa amalonda ambiri kusaka njira zachidule zolipirira katundu. Akuba amadziwa ludzu limeneli. Lonjezo la akaunti ya madola yotsegulidwa pa mphindi zisanu, pa mtengo wabwino kuposa wa kubanki, limagwira mtima wa munthu amene katundu wake wakhala miyezi akudikira malipiro.

Kusowa nthambi pakokha si umboni wa kuba. Ku South Africa TymeBank idayamba mu 2019 yopanda nthambi, ndipo ku Britain kuli Monzo ndi Starling. Awa ndi mabanki enieni okhala ndi zilolezo. Koma amatsegulira maakaunti anthu okhala m'maiko amenewo, okhala ndi zitupa zoyenera, kudzera m'mapulogalamu awoawo. Munthu wonena kuti atsegulira wamalonda wa ku Mchinji akaunti yotere kudzera pa WhatsApp, atalipidwa kaye, akugulitsa mphepo.

Dziko lililonse lili ndi woyang'anira mabanki ake. Ku South Africa ndi nthambi ya Prudential Authority ya South African Reserve Bank. Ku Britain, bungwe la Financial Conduct Authority lili ndi kaundula wa makampani ololedwa, ndipo limatulutsa machenjezo okhudza akuba obwereka maina a makampani enieni. Langizo lake ndi lomwe lija: kugwiritsa ntchito nambala ya foni ndi adiresi zomwe zili m'kaundula, osati zomwe wapereka woimba foni. Wachibale wokhala kumeneko akhoza kuthandiza kufufuza. Ndipo wogulitsa amene mwadzidzidzi watumiza uthenga wakuti akaunti yasintha, ayenera kuimbiridwa pa nambala yakale asanalipidwe, chifukwa nthawi zina foni kapena imelo yake imakhala yalandidwa. Malipiro odutsa m'banki yovomerezeka ya m'dziko muno amachedwa, koma amasiya mapepala oti munthu n'kugwira zinthu zikavuta.

Zikakhala kuti zachitika kale

Ola loyamba ndi lofunika kuposa masiku otsatira. Wobedwa aimbire banki yake kapena kampani ya foni nthawi yomweyo, pa nambala yodziwika, kuti atseke akaunti ndi khadi, ndi kupereka nambala ya risiti ya ndalama zomwe zatumizidwa. Ngati ndalamazo sizidatapidwe, pamakhala mwayi wozigwira. Asinthe manambala achinsinsi onse, makamaka ngati amagwiritsa ntchito imodzi paliponse, ndi kuchotsa pulogalamu yachilendo m'foni. Netiweki ikazima mwadzidzidzi pamene mafoni a anzake akugwira, athamangire ku shopu ya kampani ya foni, poti mwina wina watulutsa simukhadi ina pa nambala yake.

Asafufute mauthenga chifukwa cha mkwiyo kapena manyazi. Ajambule zonse: adiresi ya tsamba, manambala a foni, maina otuluka potumiza ndalama. Umenewu ndi umboni wopita nawo kupolisi, komwe kuli nthambi yofufuza milandu ya zachuma ndi chinyengo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaika kuba kotere m'gulu la milandu, ndipo bungwe la Macra limalandiranso madandaulo okhudza mafoni ndi intaneti. Dandaulo lokhudza banki yovomerezeka limayambira kubanki komweko, likakanika limapita ku Reserve Bank. Banki yomwe dzina lake labwerekedwa nayo iyenera kuuzidwa kuti ichenjeze ena ndi kupempha kuti tsambalo litsekedwe.

Pakapita masiku pamatha kubwera foni ina, ya munthu wodzitcha loya, wapolisi kapena katswiri wa kompyuta, wolonjeza kubweza ndalamazo akapatsidwa kangachepe. Kawirikawiri ndi gulu lomwe lija, labwerera kudzakunkha zotsala.

Chomaliza ndi kuyankhula. Ambiri obedwa amakhala chete poopa kusekedwa, ndipo linki yomweyo imapitirira kuzungulira m'gulu la WhatsApp la pamsika, nthawi zina yotumizidwa ndi mnzawo wokhulupirika amene akuganiza kuti akuthandiza. Makomiti a misika ndi magulu a banki mkhonde akhoza kugwirizana pa lamulo limodzi losavuta: ndalama za gulu kapena za membala zisapite ku banki iliyonse yatsopano mpaka anthu awiri atakafunsa kunthambi ya banki kapena ku Reserve Bank n'kubwera ndi yankho. Kufunsako kumatenga theka la tsiku la malonda. Safunsa adadya phula, ndipo pamsika phulalo limakhala mpamba wonse.